Nkhosa ya Bere Idye Poyamba

Alimi anzanga a kwa Mpezeni, a kwa Madzimawe ndi a midzi yonse yozungulira Chipata, ndiri ndi mau pa za nkhosa ya bere. Ambiri a ife timati nkhosa ndi ciweto cosabvuta: m'mawa titsegula khola, madzulo titseka, kwatha. Tsono mwana akabadwa wofoka ndi kufa tsiku lacitatu, timati ndi tsoka, ena amati pali dzanja la munthu. Ine nditi iai. Ana ambiri otere amaphedwa ndi njala ya mai wao iwo asanabadwe.

Tiyeni tiwerenge miyezi. Nkhosa imakhala ndi bere miyezi 5, ndiwo masiku ngati 150. Pa miyezi itatu yoyamba mwana amakula pang'onopang'ono. M'masabata 6 otsiriza ndimo amakula kwambiri, pakuti magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake amadza pa nthawi imeneyi, ndipo mawere nawo amayamba kukonza mkaka. Nkhosa imene yakweredwa kuciyambi kwa Juni idzaswa kumapeto a Okutobala. Masabata ake ofunika aja agwa pamene dzuwa laswa mtengo, udzu wauma ndipo thengo lapsa ndi moto wa osaka mbewa. Kodi nkhosa imeneyi idzadyanji? Imadya thupi lake lomwe. Mcira umaphwa, nthiti zimaonekera, ndipo ikakhala ndi mapasa imatha kugona pansi osadzukanso.

Wina adzati, "Makolo athu sanali kupatsa nkhosa gaga, koma zinali kuswana." N'zoona. Koma makolo athu anali ndi thengo lalikuru. Lero cimanga, thonje, fodya ndi soya zafika mpaka m'mphepete mwa dambo, ndipo dambo lomwe ladzala madimba. Mvula nayo siidalirika. Tonse tikumbuka cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Wina adzatinso, "Gaga ndi wa nkhumba." Sindikana nkhumba, koma cigodola cikalowa m'mudzi cimasesa makola a nkhumba ndi kusiya nkhosa ziri zamoyo. Si nzeru kumana ciweto cimene cimatsala nafe pa tsiku loipa.

Cakudya ca nkhosa ya bere ticisunge pa nthawi yokolola. Dziko lathu ndi la nsawa, ndipo pa Msekera pompano ndi pamene akatswiri amayesa mbeu zake. Koma ife tikatola nsawa mu Epulo ndi Meyi, masamba ndi mitengo yake timasiya m'munda kapena kutentha. Kumeneko ndiko kutentha mkaka. Ziumitseni bwino, zimangeni mitolo, ndipo muziike pa nsanja yofolera kuti ciswe ndi cinyezi zisafike. Makoko a mtengo wa msangu, amene amagwa m'cilimwe, nawonso ndi cakudya cabwino. Tumani ana akatole.

Masabata 6 aja akakwana, patulani nkhosa ya bere pa nthawi ya kudya kuti zinzake zisailande. Ipatseni mtolo wa masamba a nsawa madzulo ali onse. Gaga yambani ndi dzanja limodzi, muzionjeza pang'onopang'ono kufikira magalamu ngati 250 pa tsiku. Gaga wambiri mwadzidzidzi amatupitsa mimba, ndipo wa cuku ndi woopsa. Madzi oyera asasowe, ndi mcere pang'ono wonyambita. Abusa muwauze kuti asaithamangitse ndi agaru kapena kuigenda, ndipo khomo la khola likhale lotakata kuti isapanikizike potuluka.

Cenjeraninso ndi njoka za m'mimba, zimene zimacuruka m'dzinja, ndi tizirombo ta m'ciwindi timene nkhosa imatenga podya m'dambo mokhala nkhono. Tsitsani cikope ca diso ndi cala: mkati mukaoneka motuwa m'malo mofiira, nkhosayo magazi acepa. Koma musathamangire mankhwala ali onse. Albendazole sapatsidwa kwa nkhosa m'mwezi woyamba wa bere, cifukwa akhoza kuononga mwana. Yambani mwafunsa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu.

Tsiku loswa likayandikira, mawere amadzala ndipo nkhosa imadzipatula. Ikonzereni malo ouma, oyala udzu watsopano. Ikabvutika ora lathunthu mwana osaoneka, itanani wodziwa. Mwana akabadwa, mai amnyambite, inu mupake ayodini pa mcombo, ndipo muone kuti wayamwa maora awiri asanathe. Mkaka woyamba wacikasu uja ndiwo umamteteza ku matenda. Nkhosa ikataya bere, kwirirani mozama mwanayo ndi zotsalira zonse, musadye, ndipo musambe m'manja ndi sopo. Amai apakati asagwire nchito imeneyi, pakuti matenda ena otayitsa bere amagwiranso anthu.

Pali cinthu cimodzi cimene munthu sangathe yekha. Nkhosa yokweredwa mu Novembala kapena Disembala imaswa mu Epulo kapena Meyi, udzu ulipo ndi masamba a nsawa ali atsopano. Koma nkhosa za m'mudzi zimadyera pamodzi, ndipo yamphongo ya mnzako siidziwa malire. Cifukwa cace nkhani iyi ipite pa bwalo la anyakwawa, kuti eni nkhosa apangane miyezi yomanga zamphongo ndi miyezi yozimasula, ndiponso za moto wa m'thengo.

Akuru anati m'mera m'poyamba. Mwana wa nkhosa amene mudzagulitsa kuti mulipire feteleza kapena yunifomu ya mwana wanu ali m'mimba lero, ndipo moyo wake uli pa nsanja yanu. Wakutsina khutu ndi mnansi.