Mbiri yathu mukuifukulira ndani?

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, chimanga chili m'nkhokwe ndipo misewu yauma, dziko lino limakhala pa zikondwerero. Angoni a ku Mzimba amasonkhana ku Hora pa Umthetho, Achewa amawoloka malire kupita ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, Angoni a Maseko amakumana ku Ntcheu, Alhomwe ku Chonde. Inu akuluakulu oyang'anira za chikhalidwe simusowa kumeneko. Mumafika pa mdipiti wa galimoto, mumakhala mipando ya kutsogolo, mumalankhula mokoma za kusunga mwambo. Nanga ng'oma zikaleka, mumapita liti ku mapanga ndi ku mabwinja kumene mbiriyo yagona? Mumatengako ndani?

Tiyambe ndi Hora yemweyo. M'phanga la m'munsi mwa phiri limenelo akatswiri ofukula zakale anapeza mafupa a anthu amene anaikidwa zaka zoposa 8,000 zapitazo, ena akale kuposa pamenepo, ndipo mafupawo athandiza asayansi a kunja kulongosola za anthu oyambirira a chigawo chino cha Africa. Nkhaniyi inatuluka m'magazini akuluakulu a sayansi. Kodi mwa anthu amene amavina ingoma pa Hora chaka ndi chaka, ndi angati anaimva? Ndani anaimirira pa bwalo n'kuwauza m'Chitumbuka kuti pansi pomwe akupondapo panali anthu kalekale Zwangendaba asanawoloke Zambezi mu 1835? Kodi n'koyenera kuti wophunzira wa ku America adziwe za Hora kuposa mwana wa sukulu yoyandikana ndi phirilo?

Ku Dedza ndiye nkhani imawawa. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika Chongoni pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi: malo 127 a zojambula pa miyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo a Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi nyau. Si zinthu za mtundu wotayika. Adzukulu a amene anajambula zoyerazo akulima m'mphepete mwa mapiri omwewo, anamkungwi akadalipo, gule akadatuluka ku dambwe. Chikhalirecho m'mapanga ena anthu alembalemba mayina awo pamwamba pa zojambulazo, ndipo mitengo ya m'nkhalango ikuthera ku makala. Mudzati ndi umbuli wa anthu akumudzi. Ayi. Munthu sasamala chinthu chimene sanauzidwe kuti ndi chake. Kodi ndi kangati mwaitana mafumu, anamkungwi ndi aphunzitsi a m'deralo kuti akwere nanu ku Chentcherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi? Kodi munawafunsapo zomwe iwo akudziwa pa zojambulazo, kapena mumangowakumbukira mlendo wa kunja akafuna womulondolera njira? Satifiketi ya UNESCO munailandira kuti itani, ikhale pa khoma la ofesi ku Lilongwe?

Nanga Mankhamba? Pafupi ndi Mtakataka, Dr Yusuf Juwayeyi, Mmalawi mnzathu, anafukula likulu la ufumu wa Maravi, kumene dzina la dziko lino linachokera. Anapezako mikanda ya galasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, umboni woti a Kalonga ankachita malonda ofika kunyanja ya mchere azungu asanalamulire kuno. Buku lake linatuluka mu 2020, m'Chingerezi. Kodi mwachitapo chiyani kuti zomwe zili m'bukumo zifike kwa mlimi wa ku Mtakataka m'chinenero chake? Mikandayo ili kuti lero, ndipo mwana wa Sitandade 6 angaione bwanji?

Yankho lanu tikulidziwa kale: ndalama palibe. Koma zomwe tikupempha si nyumba zosanjikizana. Ku England, mwezi wa Seputembala uliwonse, malo akale amatsegulidwa ulere kwa masiku angapo, ndipo ambiri olondolera alendo amakhala anthu ongodzipereka a m'deralo. Chimafunika ndi tsiku loikika, munthu wodziwa kufotokoza, ndi khomo lotsegula. Ngakhale kuno kwathu chitsanzo chilipo. Ku Karonga, nyumba yosungira zakale imene inatsegulidwa mu 2004 imaonetsa chinyama cha Malawisaurus ndi mbiri ya chibwano cha munthu wamakedzana chimene chinapezeka ku Uraha mu 1991, ndipo ana asukulu amapitako kukadzionera okha. Ngati zinatheka ku Karonga, chikuletsa ku Dedza n'chiyani? Mafuta a galimoto zopita ku zikondwerero amapezeka bwanji, pamene a basi imodzi yonyamula ana kupita ku Chongoni akusowa?

Palinso funso limene simukonda kulimva. Ofukula ochokera kunja salowa m'phanga popanda chilolezo chanu. Kodi popereka chilolezocho mumawalamula kuti akamaliza abwerere kumudzi, akhale pansi ndi mfumu ndi anthu ake, afotokoze zomwe apeza? Mafupa ndi zinthu zina zimene zimapita kunja kukayezedwa, ndani amalondola kuti zabwerera? Ngati kaundula wake alipo, bwanji osamuonetsa poyera?

Chilimwe chikubwerachi lengezani tsiku limodzi lotsegula Chongoni, Mankhamba ndi Hora kwa aliyense, ulere, ofotokoza akulankhula Chichewa ndi Chitumbuka, mafumu ndi anamkungwi ali patsogolo. Tsikulo mulilengeze pa wailesi msanga, mvula isanatseke njira za kumapiri.