Oyilo Wokhuthala Sachiritsa Injini

Pikapu ya pasukulu pano, imene imatibweretsera ufa ndi ndiwo, n'kuthamangiranso kuchipatala mnzathu akadwala usiku, yabwerako ku ovaholo. Koma injini ikangotentha, galimoto n'kuima, nyali yofiira ya oyilo imayamba kuphethira. Malangizo amene akumveka ndi akuti, "Ingothiranimo oyilo wokhuthala, izima." Ife tikukana.

Mwina izimadi, koma matenda atsala momwemo. Pampu imangokankha oyilo. Mphamvu yake imakwera chifukwa akudutsa m'mipata yopapatiza. M'mainjini ambiri mpata wa pakati pa crankshaft ndi bering'i ndi pafupifupi mamilimita 0.03 mpaka 0.05, wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Crankshaft ikapalidwa ndi mamilimita 0.25, imafuna mabering'i olingana nayo. Akaikamo a saizi yakale, oyilo amangothawira m'mbali ngati madzi a m'paipi yobooka. M'mawa zonse zimaoneka bwino poti oyilo wozizira ndi wokhuthala. Akatentha n'kupepuka, chinsinsi chimaululika. Ndipo nyali ija siifulumira kudandaula: imayaka mphamvu itatsika kale kwambiri.

Sitikuti vuto ndi mabering'i basi. Ikhoza kukhala siwichi ya nyaliyo imene ikunama, valavu ya pampu imene yakanirira yotseguka, kapena zidutswa za silikoni zimene zatseka sefa ya m'sampu (amakaniko ena amapaka silikoni ngati akupaka majarini pa buledi). N'chifukwa chake tikuti tiyeze tisanaweruze. Achotse siwichiyo, amangepo geji, awerenge injini itatentha, ikulira pang'onopang'ono komanso ataiponda, afananize ndi zimene buku la galimotoyo likunena. Ntchito yosakwana m'mawa umodzi. Geji ikavomereza nyali, sampu itsike, mipata iyezedwe ndi Plastigauge.

Tikudziwa kuti kuimika pikapu n'kowawa. Kukhitchini adandaula, ndalama za hayala zituluka, ndipo ovaholoyo yadya kale zambiri. Koma bering'i ikagwira, crankshaft imapita nayo limodzi, ndipo sisankha malo. Ikhoza kugwira pakati pa msewu 1 koloko usiku, kumbuyo kutagona mnzathu wa malungo.

Pempho lathu kwa oyang'anira magalimoto ndi ili: pikapu isatuluke pageti geji isanamangidwe, ndipo amene anamanga injiniyo abweretse pepala la miyezo imene anapeza pa bering'i iliyonse.