Tisanagule makina, tilembe zimene tikufuna

Anthu a ku Kuku, Chawama ndi makomboni ena a Lusaka akukumbukira chaka cha 2024, pamene aliyense wokhala ndi mita ya malaiti anauzidwa kuti alowetsemo manambala apadera, apo ayi mayunitsi atsopano adzakanidwa. Mu mita muli kakompyuta, ndipo tokeni iliyonse ya manambala 20 imanyamula chiwerengero cha mphindi zimene zadutsa kuyambira pa 1 Januwale 1993. Malo osungira chiwerengerocho amangokwana mphindi 16,777,216, ndipo anadzaza pa 24 Novembala 2024.

Asilikali a ku America anakumana ndi mavuto a mtundu womwewu kale. Cha m'ma 1970, makompyuta obisika m'ndege ndi m'mizinga yawo ankayendera zinenero zolembera mapulogalamu zoposa 450. M'malo mothamangira kukagula chinenero china, unduna wa zachitetezo unayamba walemba zimene ukufuna. Chikalatacho chinakonzedwa kangapo kuchokera mu 1975, mpaka chomaliza, chotchedwa Steelman, chinatuluka mu 1978. Mwa zina chinalamula kuti wolemba pulogalamu azinena malire a nambala iliyonse, ndi kuti pulogalamu ikhale yosavuta kuwerenga, poti wodzaikonza patapita zaka amakhala munthu wina. Gulu la Jean Ichbiah wa ku France ndilo linapambana mpikisano wopanga chinenero chotsatira chikalatacho mu 1979, ndipo chinenerocho anachitcha Ada.

Sitikunena kuti Ada ndi mankhwala a nthenda zonse. Roketi ya Ariane 5 inaphulika pa 4 Juni 1996 pasanathe mphindi imodzi chinyamukire, chikhalirecho pulogalamu yake inali ya Ada: nambala inakula kuposa malo ake, pamalo pamene akatswiri anaona ngati chitetezo n'chosafunika. Chimene ife tikuyamikira ndi khalidwe la wogula amene amalemba zofuna zake wogulitsa asanafike pakhomo.

Tikupempha kampani ya malaiti ya ZESCO, ya madzi ya Lusaka Water ndi bungwe la Energy Regulation Board kuti pa tenda iliyonse ya mamita azifunsa kuti kakompyutako kadzaleka liti kuwerenga, ndani adzakakonze, ndipo adzalipire ndani. Mayankho azilengezedwa poyera, m'Chinyanja momwe, chifukwa wogona mumdima mita ikakana tokeni ndi mayi wogulitsa mafirizi ku Kuku. Mamita amene anakonzedwawa tsopano akuwerenga kuchokera mu 2014, ndipo malo ake adzadzazanso mu 2045.