Alamu tinagula, koma chinsinsi chake amisiri anapita nacho

Ife amene tinaika alamu m'nyumba ndi m'mashopu athu, kuyambira ku Area 25 ku Lilongwe mpaka ku Chilomoni ndi ku Bangwe ku Blantyre, tili ndi dandaulo limodzi. Makina amenewa sitinagule chifukwa chosowa chochita ndi ndalama. Ambiri tinagula mbava zitatilowera kale, ena tinachita kukongola ku banki m'khonde kuti ana azigona mtima uli m'malo. Lero chimene chikutisowetsa tulo ndi makina omwewo.

Vuto limayambira pa batire. M'kabokosi kachitsulo kamene amisiri amakhomera m'kabati kapena kuseri kwa chitseko mumakhala kabatire ka 12V, 7Ah, kongogwirizira maola angapo magetsi akathima. Kumene makina ngati Paradox ndi DSC amachokera, ku Canada, magetsi amathima mwa apo ndi apo, ndiye batire yotere imatha zaka zitatu kapena kuposerapo. Kuno sizitero. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankapita m'mawa n'kudzabwera usiku. Batire yamtunduwu ikamatheratu kawirikawiri imafooka, siyisunganso moto. Ikafika pamenepo, timabatani tapakhoma timayamba kulira pakati pausiku, nyali ya Trouble n'kuyaka, wotchi ya alamu n'kusokonekera. Zimenezi amisiri amazidziwa bwino. Nanga bwanji potigulitsa sanatiuze kuti batire idzafuna kusintha msanga, kapena kuti alamu tiilumikize ku invata kapena ku sola?

Amene tinasankha ya mawaya tili ndi mavuto athu. Mawaya amadutsa m'siling'i momwe makoswe amasewera, ndipo khoswe akangoluma waya umodzi, bokosi limaona ngati chitseko chatsegulidwa. Pamapeto pa waya uliwonse pamayenera kukhala ka resistor kothandiza bokosi kuzindikira ngati wina wadula waya kapena kuulumikiza mwachinyengo. Amisiri aulesi amangokamangirira m'bokosi momwemo kuti ntchito ithe msanga, ndiye chitetezo chimene tinalipira chimakhala choperewera ife osadziwa. Dzinja likafika, zitseko zamatabwa zimatupa, kamaginito kapachitseko n'kutalikirana ndi kanzake, alamu n'kukana kutchera. Mphezi ikagwa pafupi, nthawi zina bokosi lonse limapsa.

Anzathu amene anati tithawe mawaya tigule ya wayalesi nawonso akulira. Sensa iliyonse ili ndi batire yakeyake, kawirikawiri ka 3V kotchedwa CR123A, kamene sungakapeze paokala yapafupi. Makoma a njerwa zowotcha ndi malata amafooketsa siginolo pakati pa sensa ndi bokosi, moti sensa ya kugalaja kapena kunyumba ya alonda imangosowa n'kubweranso. Alamu zambiri zimatumiza uthenga pafoni kudzera pa SIM khadi yobisika m'bokosi. Mayunitsi akatha m'menemo, alamu imalira yokha panyumba, mwini wake ali kuntchito osamva kanthu.

Koma chimene chikutiwawa koposa ndi kulira kwabodza. Sensa ya pakona imamva kutentha kwa chinthu choyenda, siyisiyanitsa mbala ndi mphaka. Nalimata akadutsa pagalasi lake, kangaude akamanga ukonde, katani ikagwedezeka padzuwa, sayirini ndi imeneyo. Usiku woyamba aneba amatuluka ndi matochi ndi zibonga. Wachiwiri amasuzumira pawindo. Ikapitiriza, aliyense amangotembenuka pabedi ngati walira ndi tambala. Apa ndiye pali ngozi yeniyeni, chifukwa tsiku limene mbava zidzabweredi palibe adzadzuke. Enafe manyazi atikwana, tinazimitsa mbali zina za nyumba pa alamuyo, ena anangozula pulagi. Masensa osasamala ziweto zazing'ono alipo pamsika, ndipo ambiri amatheka kuwachepetsa mphamvu, koma ndani anatifotokozera?

Zonsezi zikanapepuka tikanapatsidwa nzeru pamodzi ndi katunduyo. Mmisiri amabwera, amakhoma, amatipatsa manambala anayi otsegulira ndi kutsekera, basi wapita. Nambala yake yachinsinsi, yolowera m'kati mwa makina kukasintha zinthu, amapita nayo. Kabuku ka malangizo, ngati wakasiya n'komwe, kali m'Chingerezi cha amisiri, zilembo zake zing'onozing'ono. Palibe pepala lonena kuti zoni 3 ndi chitseko cha kukhitchini, zoni 5 ndi pabalaza. Ambirife tinamvera kwa anzathu kuti pa DSC ukadina *2 makina amakuuza okha chimene chavuta, kaya ndi batire, magetsi kapena foni. Chinthu chophweka chotere mpaka tiitanitse munthu, timulipire thiransipoti ndi ya ntchito? Ukamuimbira akuti ndikubwera mawa, mawa lake osafika. Ukaitana wina, akuti popanda nambala ija ayambira pachiyambi, ndalamanso. Ndipo amene amatsala pakhomo masana, mlonda, wantchito, agogo, ndi amene amakalipiridwa alamu ikalira, chonsecho palibe anawaphunzitsapo.

Inu amisiri ndi makampani oika alamu, sitikupempha zaulere. Musanachoke pakhomo, lembani zoni iliyonse papepala, m'Chichewa, mumate pafupi ndi mabatani. Lembani pabatire tsiku limene mwaiika. Phunzitsani onse apanyumba, mlonda yemwe, tanthauzo la nyali iliyonse ndi zoyenera kuchita magetsi akathima nthawi yaitali. Tiuzeni SIM khadi ili m'dzina la ndani ndipo mayunitsi aziika ndani. Ndipo amene wamaliza kulipira mpatseni nambala yachinsinsi ija mu envelopu, chifukwa makinawo ndi ake.