Nambala ya pa Droni Isatinamize

Alangizi anzathu, tisakhulupirire msanga nambala ya kutalika imene droni imaonetsa. Madroni ambiri a m'sitolo, monga a DJI, amawerenga kuchokera pamene ananyamukira, osati kuchokera panthaka imene akuulukapo. Mukanyamutsa droni kudambo n'kupita nayo kumunda wa m'phiri, nambala idzanena mamita 50, chonsecho yatsala mamita 20 okha kuti ikhudze chimanga. Komanso muyeso wake umadalira kulemera kwa mpweya, kumene kumasintha ndi nyengo. Hectopascal imodzi yokha imasokoneza pafupifupi mamita 8. Zithunzi zake n'zothandizadi poona pamene nthaka ikukokoloka. Koma pokhoma zikhomo za akalozera, pamene masentimita ochepa amatembenuza madzi, tigwiritsebe ntchito levulo ya chingwe kapena A-frame.