Kalata kwa a Nduna ya Zachilungamo: Kalaliki Woulula Kuba Adzathawira Kuti?

Olemekezeka a Nduna,

Ndayamba ndawomba m'manja monga achitira munthu wofika pabwalo la akulu, podziwa kuti pamaso panu pali mitolo ya milandu yolemera kuposa kalata ya munthu wamba. Komabe popeza udindo umene mwasenzawo ndi wosunga malamulo a dziko lino, ndipo popeza anthu amene ndadzawanenera sangathe kudzilankhulira okha popanda kutaya ntchito, nyumba, kapena moyo umene, ndaona kuti kukhala chete kukadakhala kulakwira inu ndi iwo omwe. Ndikunena antchito a boma amene, ataona chuma cha mtundu wathu chikutulutsidwa pa khomo la kuseri, amalimba mtima nakaulula.

Mukumbukira chaka cha 2013, pamene ndalama zinasefukira ku Capital Hill, ndipo akatswiri ofufuza mabuku a Baker Tilly anapeza kuti pakati pa Epulo ndi Seputembala pokha panasowa ndalama zoposa K13 biliyoni, kufikira maiko otithandiza, amene ankathira pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a bajeti yathu, anamanga thumba lao. Ndalama zimenezo sizinamere mapiko. Cheke chilichonse chinadzera m'manja mwa munthu, vocha iliyonse inadindidwa ndi munthu, ndipo panali kalaliki wina, wovala shati yoyera yosuluka m'khosi, amene anatsegula fayilo naona kuti kampani yalandira mamiliyoni pa katundu amene sanafike pa sitolo ya boma, naonanso tsiku lina kuti malipiro amene dzulo anali mu kompyuta ya boma ya IFMIS lero afufutidwa, nazindikira kuti mnzake wa giredi imodzi, amene mwezi wathawo ankakanganirana naye mpando m'minibasi ya ku Kawale, tsopano akubwera pa galimoto yatsopano. Kalalikiyo anadziwa, ndipo sanali wakuba; koma anawerengera mumtima kuti dzanja limene lasaina vochayo ndi lomwelo limene limasaina tchuthi chake, kukwezedwa kwake ndi kalata yomusamutsa, anakumbukira ana ake ndi lendi ya nyumba, natseka fayilo, napita kukadya chimanga chootcha pa nthawi ya nkhomaliro. Motero dziko linadzamva za kubako pa kulira kwa mfuti, pamene mkulu wa za bajeti, a Paul Mphwiyo, anawomberedwa pa chipata cha nyumba yao pa 13 Seputembala, ndiponso pamene apolisi anayamba kupeza mitolo ya ndalama m'mabuti a magalimoto ndi m'nyumba za anthu a malipiro ochepa.

Mantha amenewa, a Nduna, ali ndi makolo ao. Kwa zaka 30 tinaleredwa pa ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo ngakhale mau amenewa pa okha ndi okoma, kukhulupirika kumene tinaphunzitsidwa kunali kwa munthu mmodzi ndi chipani chimodzi, kotero kuti aliyense wofunsa funso ankatchedwa kapirikoni. Pamene a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa mu Meyi 1983, mitembo yao nkukaikidwa m'galimoto pa msewu wa ku Thambani ku Mwanza kuti zioneke ngati ngozi, analipo antchito a boma amene anaona ndi maso ao, ena anayendetsa magalimoto, ena analemba malipoti. Koma choonadi chinagona m'mimba mwao zaka zoposa 10, kufikira bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi Jaji Michael Mtegha linachifukula dziko litasintha. Sindiwaweruza, pakuti masiku amenewo wotsegula pakamwa ankadzikumbira manda. Chondidandaulitsa nchakuti mbendera ya chipani chimodzi tinaitsitsa, koma m'maofesi ambiri chiphunzitso chake chikadali chikhalire.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinawalandira mu 1994 titavota pa riferendamu ya 14 Juni 1993, anatembenuza nkhani imeneyi kotheratu, pakuti gawo 12 limaika poyera kuti mphamvu zonse za ulamuliro zimachokera kwa anthu a Malawi, ndi kuti wozigwira aliyense wangosungitsidwa. Ngati zili tero, kalaliki amene akubisa kuba kwa bwana wake ndiye wapandukira mwini ntchito weniweni, amene ndi mayi uja wogona pansi m'chipatala chopanda mankhwala; ndipo woululayo, amene anzake amamunyoza kuti kazitape, ndiye wasunga lumbiro. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo boma lanzeru likadamuyesa mnansi ndithu.

Tisanamizane kuti dziko lino lilibe olimba mtima. Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Katolika anawerengetsa kalata yao m'matchalitchi, nalandira ziopsezo za imfa, ndipo Monsinyo John Roche anapitikitsidwa m'dziko. Mu Epulo 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira, asilikali motsogoleredwa ndi General Henry Odillo anaima pa malamulo, ndipo Mayi Joyce Banda analumbiritsidwa pa 7 Epulo. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo chigamulo chisanaperekedwe mkulu wa majaji, a Andrew Nyirenda, anali atakanena kale ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB kuti pali oyesa kuwapatsa ziphuphu. Onsewa timawatamanda, ndipo ayeneradi. Koma taonani, a Nduna: majaji aja ankapita kukhoti atavala zotchinga zipolopolo, asilikali ali kutsogolo ndi kumbuyo, mabishopu anali ndi mpingo wa dziko lonse lapansi pambuyo pao, mkulu wa asilikali anali ndi asilikali. Nanga namwino wa pa chipatala chaching'ono amene waona katoni ya mankhwala a malungo ikukwezedwa pa njinga usiku, nanga mphunzitsi amene wapeza maina a anthu akufa pa ndandanda wa malipiro, adzaperekezedwa ndi yani pobwerera kunyumba?

Ndipo anthu ang'onoang'ono amenewa ali ndi maso, amaona zimene zimagwera akuluakulu a bungwe lomwelo limene tiwauza kuti akaneneko. Anaona mu Julayi 2015 pamene a Issa Njauju, mmodzi wa akuluakulu a ACB, anasowa, thupi lao nkudzapezeka litakwiriridwa mwachisawawa pafupi ndi nyumba zogona alendo a boma mu Lilongwe, galimoto yao itatenthedwa ku Mtsiriza. Ndipo aona zaka zikusinthana, maboma akusinthana, popanda bwalo la milandu kuuza banja lao ndi mtundu wonse amene anatuma ndi amene anatumidwa. Anaonanso pa 6 Disembala 2022 pamene apolisi onyamula mfuti anazinga nyumba ya Mayi Martha Chizuma, mkulu wa ACB pa nthawiyo, kusanache, nawatengera ku polisi ya Namitete chifukwa cha mau amene wina anawajambula mwamseri pa lamya. Ndipo ngakhale anatulutsidwa tsiku lomwelo, ngakhale bungwe la Jaji Edward Twea linafufuza, ngakhale milanduyo inadzathetsedwa, phunziro linali litamveka kale m'makhonde onse a boma, lakuti ngati mkulu wa bungwe angadzutsidwe chotero, mesenjala sangaone nkomwe dzuwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambi umenewu kalaliki amaudziwa bwino kuposa gawo lililonse la malamulo.

Mudzandiyankha kuti lamulo lilipo, ndipo ndivomera. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, monga linakonzedwera mu 2004, lili ndi gawo 51A limene limabisa dzina la woulula, nkuika chilango cha K50,000 ndi zaka 2 m'ndende kwa womuzunza. Ndipo lamulo lopatsa anthu mwai wodziwa za m'boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, nalonso limanenapo. Koma K50,000 lero siikwana thumba limodzi la feteleza, ndipo munthu amene waba mamiliyoni angaipereke akuseka. Komanso kuzunza kwa muofesi sikumveka phokoso: sakumenya munthu, amangomuchotsa pa desiki yake, amamuiwala pa maulendo onse a alawansi, amamupezera kamlandu kochedwa kuntchito, amamusamutsira kutali pakati pa teremu ana ali pasukulu, ndipo pepala lililonse limaoneka lolongosoka. Pamwamba pa izi pakadali lamulo losunga zinsinsi za boma limene tinalandira kwa atsamunda, limene bwana wochenjera amalitulutsa m'dilowa kuti aopseze nalo wamng'ono. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo makoswe athu aphunzira kukhala pa mkhate wotchedwa chinsinsi cha boma.

M'buku la Yeremiya muli munthu amene sitimlalikira kawirikawiri, Ebedi-Meleki Mkusi, mtumiki wa m'nyumba ya mfumu Zedekiya, amene atamva kuti akalonga aponya mneneri m'chitsime cha thope chifukwa chonena zosawakomera, anapita kwa mfumuyo poyera, napempha chilolezo, natenga zingwe ndi nsanza zoika m'khwapa kuti zingwezo zisamcheke pomukoka. Iye sanali mneneri, anali wa m'boma ngati inu, ndipo ntchito imene ndikukupemphani ndi yakeyo.

Tengerani ku Nyumba ya Malamulo lamulo loima palokha loteteza oulula, losabisika m'kagawo ka lamulo lina, ndipo mulikankhe kufikira litasainidwa, pakuti tazolowera kuona malamulo abwino akukalambira m'mashelefu, monga lija la mwai wodziwa za m'boma linadikira kuchokera mu 2017 kufikira 2020. Lamulolo linene kuti woulula akachotsedwa, akasamutsidwa kapena akaimitsidwa, bwana ndiye asonyeze kukhoti kuti sanabwezere, pakuti wamng'ono alibe ndalama za loya ngakhale makiyi a kabati ya mafayilo. Likhale ndi thumba lake la ndalama zosamutsira mboni ndi banja lake pamene moyo uli pa chiswe, ndipo litsegule makomo angapo okanenako, kwa Ombudsman, kwa mkulu wofufuza mabuku a boma, ku komiti ya aphungu, kuti khomo limodzi likatsekedwa ndi ndale ena akhale otsegula. Ndikudziwa kuti ena adzati lamulo lotere lidzasanduka nthungo ya amiseche ndi anjiru, ndipo njiru m'maofesi mwathu siisowa. Koma wonama dala alangidwe ndithu, malinga ngati munthu amene ananena zimene anazikhulupirira moona mtima sadzaponyedwa m'ndende chifukwa chakuti ofufuza analephera kumaliza ntchito yao.

Ndipo lamulolo lisanafike, pali chimene mungachite ndi mphamvu zimene muli nazo kale. Mlandu suola. Itanitsani fayilo ya a Issa Njauju, muimirire m'Nyumba ya Malamulo, muuze Amalawi pamene kufufuza kunaima, amene anakuimitsa, ndi tsiku limene mlanduwo udzalowa m'khoti.

Ine wanu modzichepetsa,
Mmalawi wokhoma msonkho