WARANTI YA LAPUTOPU ISAKHALE FODYA WA PACHALA

Masiku ano laputopu yasanduka khasu la munthu wogwira ntchito ya cholembera. M'dera la Mfumu Njombwa, m'boma la Kasungu, mphunzitsi amakonzerapo mayeso, mlangizi wa zaulimi amalemberapo malipoti, ndipo mlembi wa kalabu ya alimi a fodya amasungamo maina a mamembala, ngongole za feteleza ndi kulemera kwa mabelo opita ku msika wa Chinkhoma. Ndalama yogulira makina otereŵa siitoledwa panjira. Kwa ambiri ndi thukuta la chaka chathunthu, kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa. Nchifukwa chake nkhani ya waranti, lomwe ndi lonjezo la wogulitsa loti adzakonza makinawo akaonongeka, siyofunika kuitenga mwachibwana.

Makampani opanga makompyuta kaŵirikaŵiri amapereka waranti ya chaka chimodzi pa laputopu yatsopano. Pamwamba pa imeneyi, ogulitsa ena amakopa wogula kuti alipire ndalama yapadera kuti lonjezolo lifike chaka chachiŵiri kapena chachitatu. Iyi ndiyo waranti yoonjezera. M'sitolo imaoneka yanzeru, koma wogula aliyense adziŵe mfundo imodzi: ndalamayo wogulitsa amalandiriratu, ndipo kuyambira tsiku limenelo makina alionse obwera kudzakonzedwa amamudyera phindu. Wamalonda wopanda mwambo amapindula ndi kuzengereza, pakuti mwini makina akatopa nkuleka kulondola, ndalama yonse imatsala m'thumba mwa wogulitsayo.

Vuto loyamba ndi mtunda. Amisiri amene waranti imaŵavomereza amapezeka m'mizinda ikuluikulu, ndipo kuchokera pa boma la Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita oposa 100 pa mseu wa M1. Munthu amalipira basi pokasiya makina, nalipiranso pokafunsa, nkungouzidwa kuti abwerenso sabata yamaŵa.

Lachiŵiri ndi masipeya. Sikirini, batire kapena bolodi ya m'kati zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwe dziko lino lakhala likuzisoŵa. Mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Wogulitsa amene analandira ndalama ya waranti pa mtengo wakale anapezeka akufunika kugula sipeya pa mtengo watsopano, ndipo pamenepo miyendo inalemera.

Lachitatu ndi timalemba ting'onoting'ono ta kuseri kwa pepala. Mawaranti ambiri amakana makina amene anagwa, analoŵa madzi, anapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu, kapena anatsegulidwapo ndi mmisiri wina. Izi ndizo ngozi zenizeni za kumudzi, kumene magetsi amazima nkuyakanso mosachenjeza. Ndiponso waranti ya makina ogulidwa ku Johannesburg kapena ku Dubai nthaŵi zina imagwira ntchito kokhako kumene anagulidwa.

Lachinayi ndi nthaŵi. Msika wa fodya umatsegulidwa cha m'mwezi wa April ndipo sudikira munthu. Mlembi amene makina ake akhala kokonzetsa miyezi itatu waphonya ntchito ya nyengo yonse, pamene masiku a waranti yake akungotha makinawo ali pa shelefu.

Nzoona kuti kusoŵa kwa ndalama zakunja sikunayambitsidwe ndi amalonda, ndipo nzoonanso kuti ogula ena amaononga okha makina nkudzanamizira kampani. Komatu wamalonda polandira ndalama ya waranti amakhala akulidziŵa dziko limene akuchitiramo malonda. Ngati alibe mmisiri kapena njira yodalirika yopezera masipeya, asagulitse lonjezo limene sangalikwaniritse.

Malamulo oteteza ogula alipo m'Malaŵi muno. Lamulo la Consumer Protection Act linakhazikitsidwa mu 2003. Lamulo la Competition and Fair Trading Act la 1998 linaloŵedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, lomwe linapatsa bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lodziŵika kuti CFTC, mphamvu zolipitsa lokha chindapusa amalonda ophwanya lamulo. Bungweli lachenjeza kambirimbiri kuti zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa nzosemphana ndi lamulo. Nalo bungwe la Consumers Association of Malawi lakhala likulankhulira ogula kuyambira mu 1994. Chomvetsa chisoni nchakuti anthu ambiri a m'midzi sadziŵa kuti makomo ameneŵa ngotsegula.

Pali zina zoti dziko lino liphunzire kwa anzake. Ku South Africa, lamulo la 2008 limapatsa wogula miyezi 6 yobwezera katundu wosalongosoka, ndipo amasankha yekha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Ntchito yokonzayo nayo imakhala ndi chitsimikizo cha miyezi 3. Maiko a European Union anagwirizana mu 2024 kuti wogula akasankha kukonzetsa katundu chitsimikizo chisanathe, chitsimikizocho chionjezeredwe ndi chaka china. Mfundo yake ndi imodzi: kuchedwa ndi kuonongeka kuzipweteka wogulitsa, osati wogula yekha.

Udindo waukulu uli pa ogwira ntchito m'Boma, makamaka amene amagulira maunduna, makhonsolo ndi masukulu katundu. Boma limagula makompyuta ambiri, choncho mau ake amamveka. Mgwirizano uliwonse uzinena poyera kumene makina adzakonzedwere, masiku amene ntchitoyo idzatenge, makina ena obwereka pa nthaŵi yodikira, ndi chilango cha wogulitsa wochedwetsa. Ofesala wosaina mgwirizano wopanda mfundo zimenezi wataya ndalama za msonkho wa mlimi.

Wogula payekha naye asamale. Asanalipire waranti yoonjezera afunse dzina la malo okonzera ndi zinthu zimene warantiyo imakana, ndipo mayankhowo alembedwe. Asunge lisiti ndi nambala ya makina. Posiya laputopu kokonzetsa alandire kapepala kokhala ndi tsiku ndi siginecha, atasungiratu zolemba zake pa fulashi. Masiku olonjezedwa akadutsa alembe kalata, ndipo ikapanda kuyankhidwa akadandaule ku CFTC. Atsogoleri a m'madera ndi alangizi afalitse uthenga umenewu pa misonkhano ya makalabu.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo. Waranti yosatchula tsiku, malo ndi mmisiri ndi fodya wa pachala. Alimi a kwa Njombwa sagulitsa belo losayezedwa pa sikelo, ndipo asalolenso kugula lonjezo losalembedwa bwino.